Foni Yosasankha Rede

Anthu akandifunsa kuti banja langa lidatha bwanji, ndimangoyankha kuti, "Ndi za ku Joni," iwo n'kugwedeza mitu ngati amva zonse. Amaganiza za mowa, kapena za akazi a kumeneko. Ndimawaleka aganize choncho, poti zimenezo n'zopepuka kusenza kuposa zoona zake. Ine mowa sindimwa. Mkazi wa ku Joni sindidamugwirepo ngakhale chala. Amake Luziya ndidawataya chifukwa cha kanthu kochepa ngati chikhadabo, kamene ndidakachotsa m'foni tsiku lina masana.

Kwathu ndi ku Mozambique, kumtunda kwa Domwe, m'malire mwenimweni, kumene tambala wa ku Malawi akalira nafenso timadzuka. Adandilera ndi amalume anga a Sitefano, ndipo ndi iwo omwe adakhala ankhoswe anga nditapeza banja. Ndidakalowa chikamwini kumudzi kwa mkazi wanga, kutsidya kwa dambo, m'kanyumba kaudzu. Tinkalima kachewere ndi nyemba ngati wina aliyense. Chaka china feteleza adakwera, kachewere n'kutsika mtengo, ine mtima n'kundinong'oneza kuti mwamuna weniweni sakalambira pa khasu. Ndidatsanzika mwana wathu Luziya akadali wa kumbuyo, asadayambe n'kukwawa komwe.

Koma Mulungu ali ndi nthabwala, abale. Ndidathawa kachewere kwathu, ndidawoloka malire awiri, miyendo n'kutupa m'basi, n'kukafikira pa famu ya kachewere! Mizere yake yosaoneka pothera. Tinkatola kumbuyo kwa thirakitala kuyambira mame asadaume, msana uli chipindire, kapitawo akukuwa m'chinenero chimene ndinkangomvamo dzina langa lokha. Tinkagona m'khomponi, amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, ndipo nthawi yachisanu mpweya wathu womwe unkaundana kudenga n'kumatidonthera.

Bedi loyandikana ndi langa lidali la a Kachingwe, bambo wa ku Ntcheu, wa dazi, woseka ndi thupi lonse. Iwo ndi amene adandiphunzitsa kumanga nsanza m'mawondo potola, ndiponso kukhala chete kapitawo akalusa. Tinkadyera mbale imodzi. Ankanditcha Mpwitikizi chifukwa cha kayankhulidwe kanga. Ndikati rede, iwo ankati, "Netiweki, iwe!" Ndikati kartawu, ankati, "Simukhadi, Mpwitikizi, lankhula ngati munthu." Tinkaseka mpaka anzathu kutitukwana.

Nditagwira miyezi ingapo ndidati ndigule foni yagalasi, yoseretsa ndi chala. Ndikulowa m'sitolo yoyamba, a Kachingwe adandigwira mkono.

"Zotchipazi usayerekeze," adatero. "Adazimanga. Imagwira ndi kampani imodzi yokha ya kuno. Ukakaikamo simukhadi ya kwanu, izikakufunsa manambala achinsinsi mpaka udzaiponye m'chimbudzi. Ya mlamu wanga pano ana akuikoka ndi chingwe, akuti galimoto."

Adapita nane kwa mmwenye wina kuseri kwa renki ya mathekisi. Mmwenyeyo adatulutsa foni yakuda, adaikamo kartawu yake, idagwira. Adachotsa, adaikamo ya a Kachingwe ya kampani ina, idagwiranso. Adati imeneyo ndi yotsegula. Ndidalipira mowonjezera, koma ndidatuluka mmenemo ndikuyenda ngati ndagula ng'ombe.

Amake Luziya ndidawatumizira kafoni ka mabatani. Mudzi wawo uli m'chigwa, rede ya kwathu ku Mozambique siifika. Imene imafika ndi ya ku Malawi, nayonso mpaka ukwere pa mwala wina waukulu pamwamba pa minda. Ndiye adagula kartawu ya ku Malawi. Lamlungu lililonse akaweruka ku Misa ankakwera pamwalapo, mwana ali kumbuyo, n'kundibipa kawiri, ine n'kuwaimbira, chifukwa kuimba iwo kukadawadyera ya sopo ndi ya mchere yomwe. Nkhani zathu zidali zazing'ono. Mbuzi yabereka awiri. Nyemba zagwidwa ndi nsabwe. Luziya wamera mano ndipo waluma agogo ake. Mphepo ya pamwalapo inkawomba m'foni mpaka ine kumva fungo la kwathu ndili m'khomponi.

Disembala wina ndidabwera kudzacheza. Ndidafika ngati nduna, nsapato zosongoka, jekete m'nyengo yotentha. Pa Kalomwe ndidagula makartawu awiri, ya kwathu ndi ya ku Malawi, kuti anthu aone. Pamsika wa Domwe ndidaikamo ya kwathu, idagwira. Kumudzi ndidakwera pamwala paja amuna ali mbuu kumbuyo kwanga, ndidasintha, ya ku Malawi idagwiranso.

"Iyi ndi yotsegula," ndinkatero, pakamwa pali gwa. "Siisankha rede. Ya ku Joni imadya, ya ku Malawi imadya, ya kuno imadya. Ine kulikonse ndingakhale, wondifuna andipeza basi."

Amalume adali pomwepo. Iwo paunyamata wawo adakagwirako kumigodi, ndiye za ku Joni sizinkawadabwitsa kwenikweni. Adaitembenuza foniyo uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Ndiye ndi mbuzi imeneyi, yodya munda wa aliyense," adatero. "Uziimangirira, mphwanga."

Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo. Tsiku lomwelo, pamaso pa apongozi ndi alamu anga, ndidaloza denga la nyumba yathu.

"Udzu uwu mukuuona komaliza. Mvula ya chaka chamawa idzagwa pa malata."

Palibe adandifunsa, abale. Ndi pakamwa panga pokha padayabwa. Amake Luziya adayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Paja amati linda madzi apite, bambo a Luziya." Ine ndidayesa nsanje ya anthu osayenda.

Nditabwerera ku Joni madzi aja adandikokolola. Chisanu chidawotcha kachewere minda yathunthu, kenako mwini famu adabweretsa makina otola okha. Ambiri adatiuza kuti tinyamule zofunda. Ine ndi a Kachingwe tidalowera kutauni, tidapeza kachisakasa ka malata akale, n'kuyamba moyo woima pa maloboti kudikira galimoto yofuna aganyu. Ikaima, tinkaithamangira anthu makumi awiri, iyo ikufuna awiri. Lero kupenta mpanda, mawa kukumba ngalande, masiku ambiri kungopsa ndi dzuwa n'kubwerera.

Malamlungu sadasiye kubwera. Foni inkalira kawiri n'kudula. Ndinkaimba n'kumanama kuti ntchito ikuyenda. Apa ndinene chilungamo: amake Luziya sadafunsepo za malata, ngakhale kamodzi. Koma akati, "Kuno mvula yayamba," ine ndinkamva kuti, "Malata aja ali kuti?" Akati, "Luziya ali ndi chifuwa," ine ndinkamva kuti nyumba ikudontha chifukwa cha ine. Ndidayamba kuwayankha mwaukali popanda chifukwa. Likafika Lachisanu, ndinkakhala nditayamba kale kuopa Lamlungu.

Tsiku lina anthu a kampani ina ya mafoni adaika tebulo ndi ambulera pa renki, akugawa makartawu aulere, akuti kuimba kwake n'kotchipa. Ndidatengako imodzi. Ndidadziuza kuti ndikufuna kusunga ndalama, kuti mabwana a ganyu azindipeza mosavuta. Foni yangayo idali ndi malo a kartawu imodzi yokha. Ndidakhala pa chitini panja pa kachisakasa kathu, ndidatola kawaya, ndidabaya pakabowo, kakartawu kakale n'kutuluka. Ndidaikamo yatsopano. Mmwenye uja sadaname, idagwira nthawi yomweyo, timizere tonse tinayi.

A Kachingwe ankachapa malaya m'ndowa, koma diso lidali pa ine.

"Nambala yatsopanoyo wawauza kunyumba?"

"Ndiwauza zinthu zikayamba kuyenda."

"Nanga yakaleyo? Uziibwezeramo nthawi zina, uziikamo kangachepe. Ikakhala miyezi osagwira ntchito amaipha, nambalayo n'kumupatsa wina."

"Mwayamba kundilera, achimwene? Ndili ndi amalume anga kumudzi."

Adafinya malaya aja, adawayanika pa waya. "Ndanena ine," adatero, ndipo sadabwerezenso.

Lamlungu loyamba foni siidalire. Ndinkadziwa bwinobwino kuti pa ola limenelo mkazi wanga waima pamwala, mwana kumbuyo, akudina mabatani. Ndipo mukudziwa chimene ndidachita? Ndidagona tulo tamasana, tokoma, ngati munthu amene watula thumba. Pa zonse zimene ndidachita, tulo timeneto ndi timene timandichititsa manyazi kwambiri mpaka lero.

Nambala yawo siidachoke m'foni, komanso ndinkaidziwa pamtima. Ndikadatha kuimba tsiku lililonse. Ndinkati mawa, ndikapeza ganyu yabwino. Mwezi woyamba ndinkaopa kufotokoza za ntchito. Patatha miyezi isanu ndinkaopa kufotokoza za kukhala chete kwangako, ndipo mantha achiwiriwa ankakula tsiku ndi tsiku kuposa oyamba aja. A Kachingwe atatopa adaganiza zobwerera kwawo. Pa renki adandifunsa kuti, "Nditsike pa Dedza, ndikapereke uthenga kwanu? Si patali." Ndidakana, ndidati ndikubwera m'mbuyo mwawo. Adandisiyira bulangete lawo n'kukwera basi. Kakartawu kakale kaja kadatayika posamuka, ndipo sindidakafunefune.

Mvula idagwa katatu ndili chete. Pamapeto pake ndidapeza ntchito yolongedza anyezi m'matumba, ndidadzimana, ndidasunga. Nditaona kuti tsopano ndingaime pamaso pa anthu, ndidanyamuka. Bodza ndidalikonzera m'basi, ndidalisalaza bwinobwino kuyambira ku Zimbabwe mpaka ku Tete: matsotsi adandibera foni, manambala onse adapita nayo. Pa Ulongwe ndidagula malata ndi misomali yomwe, ndidachita hayala kagalimoto. Koma mtchona salowa m'nyumba ngati wochokera kudimba, amayamba wadzera kwa ankhoswe. Ndiye malata aja adatsikira pabwalo pa amalume.

Ndidawapeza akumata nkhokwe. Adali atakalamba, msana utawerama. Adayang'ana malata, adayang'ana ine, dzanja langa adalisiya lili m'malere.

"Mkazi wako wabwera naye?"

"Mkazi uti, amalume?"

"Wa ku Joni. Amene ndidayankhula naye ine."

Adandiuza ndikhale pansi, n'kuyamba kufotokoza. Amake Luziya adakwera pamwala paja miyezi ndi miyezi, foni osalowa. Kenako Lamlungu lina idalira, ndipo adayankha ndi munthu wamkazi. Amake Luziya adatsika, adawoloka dambo, adadzawauza amalume.

"Ndidagula mayunitsi ndi ndalama yanga," adatero amalume. "Ndidakwera phiri lija ndi mawondo angawa. Ndidaimba, ndidayankhula Chilapalapa chakumigodi chija. Ndidati ndikufuna mwini foni. Mkaziyo adati mwini foni ndi iye, adamugulira ndi mwamuna wake, ndipo tileke kusokoneza banja lake Lamlungu lililonse. Nanga iwe ukadaganiza chiyani? Nambala ndi yako. Foni ndi yako ija yodya paliponse, udanena wekha kuti wokufuna akupeza. Ndidati mwina ubwerera nzeru, ndidadikira mvula ina yathunthu. Kenako ndidati ayi, mwana wa eni sindingamumangirire pa chitsa. Ndidapita kwa ankhoswe ake, ndidaika chisudzulo pambale, ndidamumasula."

Pamenepo ndiye ndidamva nkhwangwa ili m'mutu. Mawu a a Kachingwe aja adali atachitika ndendende. Ndidawafotokozera amalume kuti nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imapatsa munthu wina, kuti mkaziyo sindikumudziwa, ndi mkazi wa mwini wake amene adangolandira nambala yanga. Izo zidali zoona. Koma atandifunsa kuti nanga nambalayo idakhaliranji osagwira ntchito, bodza lija lidatuluka lokha, losalala ngati mmene ndidalikonzera.

"Adandibera, amalume. Matsotsi. Manambala onse adapita."

Nkhalamba ija idavula chipewa, manja ali dothi lokhalokha.

"Mayo ine! Ndiye ndapasula banja la mwana wosalakwa? Ine, nkhoswe, ndi pakamwa pangapa?"

Misozi idatsika m'makwinya mwawo, ine ndikuwaonerera akusenza katundu wanga. Kenako adapukuta maso n'kunena kuti, "Amake Luziya sadakwatiwe. Angapo adafunsira, adakana. Mawa tikawoloke, ndikagwade ndekha." Kunena zoona mtima wanga udadumpha. Ndidaona ngati bodza lija landigwirira ntchito.

M'mawa mwake tidawoloka dambo. Tidapeza amake Luziya pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, yophukira uku, yowola uko. Adali atanenepako, atavala chitenje chatsopano. Ndidamva pambuyo pake kuti adayamba kupikula kachewere n'kumakagulitsa kwa a malole pa Kalomwe. Kamtsikana kotalika kadasuzumira pakhomo, kadandiyang'ana ngati wogula nyemba, n'kubwerera m'nyumba. Amake adatiyalira mphasa, adatumiza uthenga kwa alongo awo, amene ndi ankhoswe awo, ndipo atafika tidapatsana moni ngati pamaliro.

Amalume adachoka pamphasa n'kugwada pa dothi.

"Wolakwa ndine," adatero. "Ndidaweruza mlandu ndisadaumve. Mkazi uja si wake. Mwanayu adamubera foni, nambala adapatsa wina. Chisudzulo chija ndidapereka mwaumbuli. Ndabwera kudzachitenga."

Alongo aja adayang'ana mlongo wawo. Amake Luziya adaika pansi kachewere amene adali m'manja, adapukuta manja pa chitenje.

"Amalume, dzukani, mundichimwitsa. Inu simudalakwe. Mundilole ndiyankhule?"

"Yankhula, mwanawe."

"Mutatsika paphiri paja, ine sabata yomweyo ndidapita ku Kalomwe, kwa bambo wina wokonza mafoni. Ndidamufotokozera zonse. Adandiuza zomwezi, kuti nambala ikagona miyezi amapatsa wina. Ndidafunsa kuti nanga ngati munthu amubera? Adati wobedwa amapita ku kampani, amamubwezera nambala yake yomweyo. Ndipo ngakhale zikadakanika, nambala yanga bambo a Luziya amaidziwa ngati Atate Athu. Mafoni ku Joni adatha? Tsiku limene mudabwera ndi mbale lija, ine ndinkadziwa kale kuti kulibe mkazi."

Amalume adatsegula pakamwa. "Nanga udakhaliranji chete? Bwenzi ndisadapereke!"

"Akadakhala mkazi ndikadadikira, amalume. Amuna amapita kwa akazi n'kubwerako, amayi anga adadikira, abambo adabwera. Mkazi mnzako umadziwa kuti ukulimbana ndi ndani. Koma awa palibe adawakoka. Adangofuna kuti ndisawapeze."

Sadakweze mawu ngakhale pang'ono. Akadandilalatira bwenzi zili bwino. Amalume adatembenuka pang'onopang'ono, akadali chigwadire, n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, foni adakubera kapena sadakubere?"

Foniyo idali m'thumba la jekete, yomwe ija, galasi litang'ambika pakona. Ndidamva kulemera kwake pachifuwa. Ndidayang'ana mphasa, ndidawerenga mabango.

"Sadandibere, amalume."

Adadzuka movutikira, adakana dzanja langa, adasasa dothi m'mawondo n'kuvala chipewa. Alongo aja adaguguda pakhosi n'kuyang'ana kumbali. Ine ndidalakalaka nthaka itang'ambika.

"Amake Luziya," ndidatero, "ntchito idatha. Ndinkagona ndi njala. Ndidalonjeza pamaso pa anthu, ndiye ndinkachita manyazi. Sikuti ndidatopa nanu ayi. Adali manyazi."

Apa ndiye adandiyang'ana m'maso koyamba.

"Manyazi mudachita ndi ine? Ine ndidakufunsani chiyani? Mukadangoti ntchito yatha, ndikadagulitsa mbuzi n'kukutumizirani ya basi. Ine ndinkakwera phiri lija ndikupemphera kuti mwina muli m'ndende, chifukwa wa m'ndende ndi wamoyo. Mwana ankandifunsa kuti tikukwereranji, popeza foni siyankhula. Inu mukusamala nkhope yanu."

"Ndikhululukireni. Ndabwera tsopano, sindipitanso."

"Kukhululuka ndidakhululuka kale, n'chifukwa chake mwandipeza ndanenepa. Koma chisudzulo chija sindibweza. Mwana ndi wanu, sindikukanizani. Mukafuna kumuona muzibwera masana, muziodira pabwalo ngati mlendo aliyense."

Adakokera dengu pafupi n'kupitiriza kusankha mbewu ija. Amalume adali atafika kale kumphepete kwa dambo, osacheuka. Ine ndidadzuka, ndidapinda ndekha mphasa imene adandiyalira, ndidaitsamiritsa kukhoma, n'kutsanzika alongo awo.